Ophunzira za masetilaiti nawonso akufunika mmisiri pambali pawo

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga mnyuzipepala yathuyi ndilankhuleko nkhani yomwe yakhala ikundisowetsa tulo. Ine ndine makaniko wa mainjini a maboti kuno ku Mangochi, ntchitoyi ndaigwira zaka zoposa 25 ndipo anyamata amene adutsa mmanja mwanga pa shedi yangayi ndi ambiri ndithu, ena pano ali ndi mashedi awoawo ku Monkey Bay, ku Malindi, ena mpaka ku Makanjira uko. Ndikudziwa wina afunsa kuti munthu wa girisi ndi sipanala walowa bwanji nkhani za masetilaiti ndi za mlengalenga. Ndalowa chifukwa cha mwana wa achemwali anga, mtsikana amene ndamuphunzitsa ndi ndalama za mainjini omwewa kuyambira folomu 1 mpaka ku yunivesite, pano akupanga masitazi pa nkhani yowerenga zithunzi zochokera ku setilaiti, ndipo zomwe ndikuona pa iyeyu ndi anzake zikundiwawa.

Ndiyambe ndanena kuti mwanayu mutu ulipo ndipo aphunzitsi ake anamupatsa zenizeni, pamenepo ndilibe dandaulo olo pang'ono. Chaka cha 2024 nyanja itakwera, madzi nkulowa mmaloji ndi mnyumba za anthu mmbali monsemu, ife tinkangoyeza ndi maso kuti lero afika pa mgwalangwa uja mawa afika pakhonde, iye anabwera ndi laputopu yake usiku nkundiitana kuti amalume tabwerani muone. Anaika zithunzi ziwiri pamodzi, china cha gombe lathu mmene linalili zaka zingapo mmbuyomo china cha sabata yomweyo, mzere wa madzi ukuoneka bwinobwino mmene wasunthira, Shire kuchoka pomwe amatulukira mnyanja kudutsa pa mlatho wa Bakili Muluzi mpaka kukalowa ku Malombe, zonse poyera. Ndinakhala chete kanthawi. Ndabadwira pa nyanja yomweyi koma sindinaionepo chonchija.

Nditamufunsa kuti nanga zimenezi umakazipereka kwa ndani kuti anthu a mmbali mwa madzi azidziwiratu posamuka, anangoti amalume izi nza sukulu, ndikapereka amandipatsa malikisi basi. Apa mpamene nkhani yanga yagona. Ali chaka chomaliza cha digiri yoyamba anapita pa atachimenti ku ofesi ina yake mtauni, dzina sinditchula, miyezi itatu yathunthu ntchito yake inali kupanga fotokope, kulemba maminitsi ndi kukagulira mabwana nkhomaliro, kompyuta ya mapu inalipo koma inali yokiya poti mwini wake ankangokhalira mawekishopu, tsiku lomaliza anamusainira fomu kuti wachita bwino kwambiri, nkhani nkuthera pomwepo. Lendi ndi thiransipoti ya miyezi yonseyo ndinkatumiza ndine. Atamaliza, ntchito iliyonse yomwe akuiona mnyuzi akuti tikufuna wa ekisipiriyensi ya zaka zitatu, ena zisanu, nde azitenga kuti zakazo ngati palibe amene akumulola kugwira? Nchifukwa chake anabwerera ku sukulu kuti mwina masitazi imuthandiza, koma nayonso ikuyenda chimodzimodzi, masana ali mkakontena ka mobile money pa msika kufuna fizi, usiku ali pa laputopu ndi bando yogula yekha, kafukufuku wa nyanja akumupangira mchipinda.

Ine ntchito yangayi sindinaiphunzire choncho ayi. Bambo amene anandiphunzitsa, mzimu wawo uuse mumtendere, miyezi yoyamba ankangondipatsa kabuleta kuti nditsuke, kenako mapulagi, kenako impela ya pampu ya madzi, kenako giyabokosi, ndikalakwitsa ankandisiya dala ndimange mpaka kumapeto kuti ndione ndekha injini ikukana, nkundiuza kuti masulanso. Tsiku lina injini inatizimira pafupi ndi chilumba cha Boadzulu mwera utayamba kale, iwo anangogwira tochi nkunena kuti konza ndikuunikira, sanagwire sipanala olo kamodzi, ndipo ndinakonza manja akunjenjemera. Buku limakuuza kuti injini ikamatentha yang'ana impela, zoona, koma kumva ndi khutu kuti phokoso ili nla beringi osati la pisitoni, kudziwa kuti petulo uyu amuthira zina, kudziwa mmene ungamuuzire mwini boti kuti injini yake yatha osamukhumudwitsa, zimenezo umazitenga kwa munthu amene wazichita, uli naye limodzi pa ntchito yeniyeni yomwe ikalephereka pali wina amene agone ndi njala.

Ndipo dongosolo limeneli mdziko muno tili nalo kale, silachilendo. TEVETA ilipo kuyambira 1999, mwana wophunzira ukalipentala, kuwotcherera, zamagetsi kapena zomanga amakhala nthawi ina mkalasi ku Nasawa, ku Soche, ku Salima kapena ku Namitete, nthawi ina kwa olemba ntchito, amakhala ndi buku losainitsa zomwe wagwira, ndipo makampani amapereka levi ya 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti maphunzirowa aziyenda. Nanga bwanji munthu akafika pa masitazi timayamba kuganiza kuti iyeyu sakufunikanso mmisiri wamkulu pambali pake? Ine ndikuona kuti pamenepo mpomwe akufunika kwambiri, chifukwa zomwe akugwira nzodula ndipo akalakwitsa salakwitsira boti limodzi, amalakwitsira boma lonse. Pempho langa nlakuti wophunzira aliyense wa masitazi kapena PhD pa luso la zamlengalenga azimangiriridwa ku kampani kapena nthambi ya boma ndi kontilakiti yolemba, ngati mmene timachitira ndi maaprentisi athu, osati kumangomuponya pa atachimenti ya miyezi itatu.

Nkhaniyi ndaikambapo pa bawo ndi anzanga ndipo yankho lake limakhala limodzi lomwelo, akuti dziko loti chimanga chikutivuta tikufuna kupita kumwezi? Sindiwanena, nanenso poyamba ndinkaganiza kuti zamlengalenga ndi maroketi basi. Koma taganizani, namondwe wa Freddy amene anatipha anthu mazanamazana mu Malichi 2023 anayambira kufupi ndi Australia mwezi wa Febuluwale, anayenda pa nyanja ya mchere kupitirira mwezi wathunthu, ndipo a zanyengo ankamutsatira tsiku ndi tsiku ndi masetilaiti okhala pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 kumwambaku. Chenjezo la mwera lomwe timamva pa wailesi tisanalowe pa madzi, mbali yaikulu limachokera komweko. Mnyamata wa chilimira akasunga pa foni malo omwe anapha dzulo, imeneyo ndi GPS, ndi setilaiti. Dishi yoonera mpira mmavidiyo shoo ya ku Namwera ndi setilaiti, Starlink yomwe inalowa mdziko muno 2023 ndi setilaiti. Tikuzidya kale zinthuzi tsiku lililonse, vuto nlakuti ophika ake ambiri si ife.

China chomwe anthu ambiri sadziwa, zithunzizi zambiri nzaulere. Masetilaiti a Landsat a ku America akhala akujambula dziko lapansi kuyambira 1972 ndipo kuyambira 2008 aliyense atha kutenga osalipira, kutanthauza kuti mbiri ya nkhalango ya Namizimu, ya Phirilongwe, mmene mitengo yathera chaka ndi chaka, mmene dothi lakhala likutsikira ku Malombe, yonse ilipo ikungodikira woiwerenga. Ma Sentinel-2 a ku Ulaya amadutsa pamutu pathu masiku asanu alionse ndipo kadontho kamodzi pa chithunzi ndi malo a mamita 10, munda wa munthu umaoneka. Sentinel-1 ndiye amagwiritsa radar, amaona olo kuli mitambo olo usiku, imene ili nthawi yeniyeni yomwe madzi osefukira amatipeza. Nde katundu alipo, waulere. Chosowa ndi munthu amene anaphunzira kumusandutsa chinthu choti DC, mfumu, msodzi kapena mlangizi agwiritse ntchito Lolemba mmawa, ndipo kusandutsako sikuphunziridwa mchipinda.

Ndikupatseni chitsanzo chomwe chinachitikira dziko lonse lino. Nyengo ya 2015 mpaka 2016 boma linagula inshulansi ya chilala ku African Risk Capacity, inshulansi yomwe imawerengera mvula pogwiritsa ntchito masetilaiti. Chilala chinabwera, tonse tikukumbuka, anthu mamiliyoni akufuna chakudya, koma kompyuta poyamba inaonetsa kuti okhudzidwa ndi ochepa ndipo ndalama sizinatuluke. Atapita kukafufuza mmidzi anapeza kuti mu mawerengedwe aja munaikidwa chimanga chochedwa kucha pomwe alimi ambiri anali atabzala chocha msanga, chomwe ng'amba ija inachipeza pa nthawi yoipitsitsa. Atakonza pamenepo mpomwe ndalama pafupifupi madola 8 miliyoni zinavomerezedwa, koma miyezi yambiri itapita kale anthu akuvutika. Setilaiti sinaname, mvula inaiona bwino. Chinasowa ndi kulumikiza za kumwambazo ndi zomwe zili mmunda mwa munthu. Wophunzira amene wakhala chaka chathunthu akuyenda ndi alangizi mminda uku akuwerenga zithunzi, funso loti kodi mwaika mbewu yanji angalifunse tsiku loyamba lomwe.

Pa nyanja pano nchimodzimodzi. Mwera ukamaomba miyezi yozizira umakankhira madzi ofunda apamwamba kumpoto, nde kuno kummwera madzi ozizira apansi amakwera ndi chakudya cha tinsomba, nchimodzi mwa zifukwa zomwe chigawo chathu chino chili ndi nsomba zambiri. Setilaiti imatha kuyeza kutentha kwa madzi apamwamba komanso kubiriwira kwake, mwanayu anandionetsa, koma anandiuzanso yekha kuti pafupi ndi pomwe mitsinje imathira, matope ndi ndere zimatha kuisokoneza, nde pamafunika wina apite ndi boti tsiku lomwe setilaiti ikudutsa akayeze pamalo pomwepo kuti afananitse. Ndinamufunsa kuti iwe unayezapo? Anati ayi, kambale koyera koyezera kuyera kwa madzi anangokaona pa chithunzi mbuku. Mtima unandipweteka. Loweruka lotsatira ndinatenga chivindikiro cha ndowa, tinachipenta, tinamangirira chingwe ndi mfundo pa theka la mita lililonse, nati yachitsulo pansi pake kuti chizimira, tinabwereka themometa, ndinapempha mkulu wina amene wapha usipa moyo wake wonse kuti atiperekeze, nkulowa pa madzi mbandakucha.

Tsiku limenelo ndi lomwe landilembetsa kalatayi. Mwanayu anasanza kawiri chifukwa cha mafunde koma sanasiye kulemba, chingwe chikupendekeka ndi kayendedwe ka madzi manambala nkumasiyana, anayamba kufunsa yekha kuti nde ndiyezere mbali iti ya boti, ya dzuwa kapena ya mthunzi, mafunso oti mchipinda sakanamubwerera. Mkulu uja ankangoloza ndi dzanja kuti apa madzi ake ndi olemera, uko ndi opepuka, iye nkumatsegula mapu ake pa foni, penapake zikugwirizana penapake ayi, ndipo posagwirizanapo mpomwe anakambirana nthawi yaitali, wina akulankhula Chiyao wina Chichewa chosakaniza ndi chizungu cha ku sukulu, koma akumvana. Pobwerera anandiuza kuti amalume lero lokha ndaphunzira zoposa temu yonse. Nde ndinadzifunsa kuti ngati chivindikiro cha ndowa ndi tsiku limodzi zachita chonchi, nanga atakhala miyezi 12 pa malo ofufuza za nsomba ku Monkey Bay kapena ku sukulu ya zausodzi ku Mpwepwe, ali ndi zipangizo zenizeni ndi katswiri womuyang'anira, angatuluke munthu wotani?

Ndionjezepo kachenjezo pano poti ndine wa pa nyanja. Luso lodziwa komwe kuli nsomba likagwera mmanja olakwika litha kumaliza ndi zotsala zomwe, tinaona mmene chambo chinathera ku Malombe kumayambiriro kwa zaka za mma 1990 popanda setilaiti iliyonse, maukonde okha. Nchifukwa chakenso ndikufuna ana amenewa aphunzirire pakati pa asodzi ndi makomiti a mmadoko, amve okha mkangano wa nyengo yotseka nyanja, aone malo oswerana nsomba, kuti podzapanga zida zawo azidziwa kuti zikuteteza ndani ndipo zikupweteka ndani.

Anzathu otizungulira njira imeneyi anaiona kale. Ku South Africa setilaiti yawo yoyamba, SUNSAT, yomwe inakwera 1999, inapangidwa ndi ophunzira a digiri zapamwamba pa yunivesite ya Stellenbosch, ndipo mwa anthu omwewo munatuluka kampani yopanga masetilaiti. Nigeria pogula NigeriaSat-1 ku kampani ya Surrey ku England, yomwe nayonso inabadwira pa yunivesite, sanangogula katundu nkubwera naye, anatumiza mainjiniya awo kukakhala mu fakitale momwemo, setilaitiyo inakwera 2003, ndipo pofika 2011 inakwera NigeriaSat-X yomwe anaimanga ndi manja awo anthu a ku Nigeria akuyang'aniridwa ndi eni fakitale. Umenewo ndiye uaprentisi womwe ndikunenawu, kusiyana kwake ndi wanga ndi kukula kwa injini basi. Ghana inatumiza anyamata atatu ku Kyushu Institute of Technology ku Japan pa pulogalamu ya BIRDS, akupanga digiri uku akumanga, GhanaSat-1 nkukwera 2017. Kenya inakweza yake 2018 kudzera pa yunivesite ya Nairobi. Uganda ndi Zimbabwe, Zimbabwe yomweyi timadutsa popita ku Joni, anatumiza atatuatatu ku Japan komweko, zawo zinakwera Novembala 2022. Botswana inakweza yake mu Malichi 2025. Zambiri mwa zimenezi ndi tija amati CubeSat, kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse, kolemera kilo imodzi ndi pang'ono, kochepa kuposa batire ya njinga yamoto ikuluikulu. Timabokosito sitikhalitsa kumwamba, timapsa tikamagwa, koma anthu amene anatimanga amatsala, ndipo phindu lenileni ndi anthuwo.

Ine sindikunena kuti tithamangire kumanga yathu mawa kuti tidzaombe mmanja pa TV ayi. Mmera mpoyamba, ndipo poyambira tili napo. Ku MUST ku Thyolo amaphunzitsa za mapu ndi kuona dziko kuchokera kumwamba komanso zanyengo, ku MUBAS kuli mainjiniya a zamagetsi ndi zamatelefoni, ku Zomba kuli a fizikisi ndi makompyuta, ku Bunda ndi ku Mzuzu kuli a zansomba ndi zankhalango. Ku Kasungu kunatsegulidwa malo oyesera ma drone 2017, kenako 2020 kunabwera African Drone and Data Academy, komwe achinyamata amamanga ndi kuulutsa okha, umboni woti ana athu ukawapatsa chogwira amagwira. Bungwe la zamlengalenga la Africa yonse linatsegulidwa ku Cairo mu Epulo 2025, mipata ya maphunziro ndi ntchito izidutsa kumeneko, nde funso nlakuti ife tizitumizako anthu oti angoloweza kapena oti anagwirapo.

Mmene ndikuganizira ine, ndipo akuluakulu a mayunivesite akonze pomwe ndaphonya, kontilakitiyo asaine anthu atatu, wophunzira, sukulu ndi olemba ntchito, aliyense adziwe mbali yake. Mutu wa kafukufuku usamachokere mmutu mwa wophunzira yekha usiku akufuna choti apereke, uzichokera kwa amene ali ndi vuto lenileni, mwachitsanzo a EGENCO amene magetsi awo amadalira madzi otuluka mnyanja muno kudzera pa baraji ya Liwonde, a DoDMA oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi amene amafuna kudziwa midzi yomwe imire, a Illovo ndi minda yawo ya nzimbe ku Nchalo ndi Dwangwa, eni minda ya tiyi, a inshulansi ya mbewu, a Water Board, a TNM ndi Airtel pa nkhani ya netiweki kumalo ovuta kufika ngati ku Makanjira, a nthambi ya zamapu, a zanyengo. Pa zaka ziwiri za masitazi, miyezi yoyamba akhale mkalasi kutenga maziko, kenako chaka chathunthu akhale pa ntchito ndi desiki yake, pasiwedi yake, ntchito yake yomwe ikachedwa wina aimba foni kufunsa. Omuyang'anira akhale awiri, lekichala ndi mmisiri wa pa ntchitopo, onse azisaina buku lake mwezi ndi mwezi ndipo lekichalayo azifika pamalopo osati kumangofunsa pa WhatsApp. Pomaliza mayeso ake asakhale buku lokhalo loika pa shelefu, asiyenso chinthu chogwira ntchito chomwe anthu a pa ofesipo aphunzitsidwa kuchiyendetsa iye atachoka. Mnyamata wanga sindimamutulutsa chifukwa wafotokoza bwino mmene injini imayendera, ndimamutulutsa injini ikalira nkukafika ku Boadzulu nkubwerako.

Ndipo azilipidwa. Pamenepa ndikufuna nditsindike chifukwa ndaziona ndi maso, uaprentisi wopanda malipiro umangokomera ana a anthu opeza bwino okhala mtauni omwe akhoza kudya kwa makolo chaka chonse, mwana wa kwa Chimwala kapena kwa Jalasi sangakwanitse, makamaka mtsikana amene kumudzi akumufunsa kale kuti sukulu yakoyi idzatha liti ukwatiwe. Anyamata anga pa shedi olo ali chaka choyamba ndimawapatsa ya sopo ndi nkhomaliro, akayamba kumanga okha amalandira gawo lawo, chifukwa munthu wanjala samvetsera. Ndalama zake zitha kuchokera mbali zingapo, kampani iikepo poti ikupindula, boma liganizire zochotserako msonkho kampani yomwe yatenga ophunzira otere, aphungu aonenso ngati levi ija kapena thumba la MACRA lothandiza kufikitsa mauthenga kumidzi sizingakhale ndi kagawo ka zimenezi. Mmisiri wophunzitsayonso aziganiziridwa, chifukwa kuphunzitsa munthu kumadya nthawi, ntchito yoti ndikanaimaliza ola limodzi ndi mwana pambali imanditengera atatu, ndipo ngati palibe chomulimbikitsa amangomutuma fotokope ija.

Ena anena kuti mmakampani mwathu mulibe akatswiri okwanira a zimenezi oti nkuphunzitsa ena, ndipo pang'ono akunena zoona, pa zomanga zida ndi ma antena olandirira uthenga kuchokera kumwamba ndiye ochepa kwambiri. Pamenepo mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, atumizidwe. Ku Nairobi kuli RCMRD, likulu la zamapu lomwe Malawi ndi membala wake, ku South Africa kuli SANSA, bungwe lawo la zamlengalenga, ndi siteshoni yawo ya Hartebeesthoek komanso makampani omanga zida za masetilaiti ku Cape Town ndi Stellenbosch, ku Japan njira ya BIRDS ija anzathu anadutsa. Koma potumiza pakhale zinthu ziwiri, asaine kuti abwerera kudzagwira kuno zaka zingapo, ndipo ifenso tisaine kuti akabwerera apeza pogwira, chifukwa kumanga munthu ndi bondi kenako nkumusiya pa benchi nkumulakwira. Kuno ku Mangochi nkhani yopita kunja timaidziwa kuposa wina aliyense, palibe mudzi wopanda ana ku Joni, ndipo ambiri sanapite chifukwa chodana ndi kwawo, anapita chifukwa manja awo analibe chochita. Mwana wa achemwali angayu anzake awiri a kalasi imodzi ali kale kumeneko, wina akugulitsa mu shopu, munthu wodziwa kuwerenga radar.

Kwa eni makampani ndi mabwana a mmaofesi, ndikudziwa mantha anu chifukwa nanenso ndinali nawo, umaopa kuti ndimuphunzitsa kenako adzanditengera makasitomala, kapena adzaona zinsinsi za ntchito, kapena adzaononga chida chodula. Zoononga zimachitikadi, ine anandithyolerapo ma bolt osawerengeka ndi kirankishafuti imodzi, koma lero ntchito ikandichulukira kapena injini yamakono ya four stroke ya makompyuta ikandizunguza, amene amandithandiza ndi ana omwewo, ena anandiposa kale. Za zinsinsi zilembedwe mu kontilakiti momwemo kuti ichi chituluka mu buku la kafukufuku ichi sichituluka. Pano mukulipira makonsotanti ochokera kunja ndi madola omwe dziko lilibe kuti akupangireni mapu a minda yanu ndi a madzi osefukira, iwo akutenga zithunzi zaulere zomwe zija, pomwe mwana woti mukanamukuza nokha ali mkontena pa msika. Kwa malekichala athu, ulemu wanu ndi waukulu ndipo sindikukuphunzitsani ntchito, ndikungopempha kuti mutuluke mukagogode pa zitseko za makampaniwa inuyo eni ake, kalata yopatsira wophunzira kuti akadzifunire yekha malo siikwanira, mwana wa zaka 24 sangakambirane kontilakiti ndi bwana wamkulu.

Masomphenya a Malawi 2063 amakamba zambiri za luso ndi mafakitale, nde ndikupempha inu a Mkonzi mutumeko mtolankhani akafunse mayunivesite athu funso limodzi lokha, kuti mwa ophunzira awo a masitazi a zamapu, zanyengo ndi zamatelefoni, ndi angati chaka chino amene ali pa ntchito yeniyeni ndi pangano lolemba komanso malipiro, ndipo yankholo mulisindikize tione tonse pomwe tili.

Mbali yanga ndiyamba ndi zomwe ndili nazo. Ndakambirana ndi eni maboti atatu amene ndimawakonzera mainjini ndipo avomera, mwera ukamaomba mu Juni wophunzira aliyense amene kafukufuku wake ndi wa nyanja ino kapena Malombe, akabwera ndi kalata ya sukulu yake tidzamutenga pa madzi masiku omwe setilaiti ikudutsa, laifi jaketi ilipo, pogona tidzamupezera, petulo tidzagawana. Mwana wa achemwali angayu walemba kale masiku ake pa kalendala ya pa shedi, ndipo chivindikiro chija tachipentanso kachiwiri.

Ndatha ine wanu,
Makaniko wa mainjini a maboti,
Mangochi